Zodzitetezera pokwera njinga yamoto m'tchire: zimagwira ntchito bwanji, ndipo muyambe kugula chiti?

Mwezi watha mwana wa mlongo wanga anapeza ntchito yoyang'anira minda pa famu ina cha ku Chongwe. Abwana ake anamupatsa makiyi a Yamaha AG200, njinga ija ambiri kuno timangoitcha kuti honda, n'kumuuza kuti zovala adzigulire yekha. Loweruka lake anazungulira masitolo m'tauni, kenako ananditumizira zithunzi zitatu pa WhatsApp. Helemeti yoyamba inali ndi zilembo zoti DOT kumbuyo. Yachiwiri inali ndi kansalu kolembedwa E ndi manambala, kosokedwa pa lamba. Yachitatu inali yonyezimira kuposa zonse, koma yopanda chilembo chilichonse. Pansi pake analemba kuti: "Amalume, nditenge iti? Nanga jombo zija ndinkavala ku kontirakiti sizingakwane?"

Funsoli si lake yekha. Alangizi a zaulimi olowa m'midzi ya ku Rufunsa ndi ku Chibombo, azaumoyo onyamula mankhwala kupita kuzipatala zing'onozing'ono, ndi anyamata othamangitsa njinga m'mapiri a kumapeto kwa Leopards Hill Road, onsewa akafika m'sitolo amapeza zilembo zachilendo ndi mitengo yosiyana kutali. Lamulo la Road Traffic Act la 2002, limene apolisi ndi a RTSA, bungwe la boma loona za pamsewu, amalondola, limafuna kuti woyendetsa ndi wokwezedwa avale helemeti. Za bondo lanu likakumana ndi chitsa, zimenezo muyenera kudziganizira nokha.

Kugwa m'tchire si kugwa pa tala

Munthu akagwa pa Great East Road ali pa liwiro, amakhwekhwereka mtunda wautali ndipo tala amamusenda khungu ngati mbatata. N'chifukwa chake zovala za pamsewu zimakhala za chikopa kapena za nsalu yokhuthala yosaperepeseka msanga. M'tchire nkhani ndi ina. Liwiro limachepa, koma kugwa kumachuluka, ndipo pogwerapo si posalala. Pali miyala, zitsa zosiyidwa ndi ootcha makala, ngalande zokumbidwa ndi mvula, ndi mchenga umene umagwira tayala lakutsogolo usanaphethire n'komwe. Thupi silitsetsereka, limamenya chinthu n'kuima pomwepo. Nthawi zina phazi limakodwa m'matope thupi lonse likupitirira, bondo n'kupotokoka. Pambuyo pake njinga yolemera makilogalamu oposa 100 imagwera pamwendo, ekizozi yake ili moto.

Choncho wogula zovala za m'tchire aziganiza za kumenyeka, kupotokoka, ndi kutentha kumene kumamufooketsa asanagwe n'komwe.

Ntchito yeniyeni ya chovala choteteza

Liwiro la makilomita 40 pa ola limaoneka lochepa. Koma thupi loyenda chonchi likaima mwadzidzidzi, zimafanana ndi kugwa kuchokera pamalo otalika mamita 6, ngati padenga la nyumba yosanjikiza. Mphamvu imeneyo singofufutika ayi, iyenera kupita kwinakwake, ndipo ngati palibe china choilandira imalowa m'fupa.

Gwetsani dzira pa simenti, lisweka. Gwetsani lina kuchokera pa msinkhu womwewo, koma pa mulu wa gaga, likhala bwinobwino. Liwiro linali limodzimodzi. Chasiyanitsa n'chakuti gaga waliimitsa pang'onopang'ono pamene simenti yaliimitsa nthawi imodzi. Iyi ndi ntchito yoyamba ya chovala choteteza: kutalikitsa nthawi imene thupi likuima, ngakhale ndi kachigawo kakang'ono kwambiri ka sekondi. Ntchito yachiwiri amayi athu anaidziwa kalekale. Posenza ndowa ya madzi amaika nkhata kuti kulemera kusaboole pamalo amodzi koma kufalikire pamutu ponse. Chigoba cholimba cha kunja kwa helemeti kapena cha pabondo ndicho nkhata. Chofewa cha mkati ndiye gaga. Chovala chilichonse chimene wogulitsa akukuonetsani, chifunseni mafunso awiriwa: chikufalitsa mphamvu? Chili ndi choiyamwa?

Helemeti

Mu 1935 msilikali wotchuka wa ku Britain, T. E. Lawrence, anamwalira atavulala m'mutu pa ngozi ya njinga yamoto. Mmodzi mwa madokotala amene anamusamalira, Hugh Cairns, anayamba kufufuza za imfa za asilikali oyenda pa njinga zamoto, ndipo mu 1941 gulu lankhondo la Britain linalamula kuti okwera ake onse azivala helemeti. Kuchokera nthawi imeneyo umboni wachuluka. Manambala amene bungwe la World Health Organization lakhala likufalitsa kwa zaka zambiri ndi akuti helemeti yovalidwa bwino imachepetsa chiopsezo cha imfa ndi 42 peresenti, ndi cha kuvulala m'mutu ndi 69 peresenti.

Mukaivundukula helemeti mupeza zigawo zinayi. Kunja kuli chigoba cha pulasitiki yolimba kapena cha faibala. Pansi pake pali EPS, chinthu choyera chopepuka chija chimene amatchingira nacho firiji yatsopano m'katoni, kungoti cha mu helemeti chimapangidwa mwa muyezo wake. Ndiye pali siponji wofewa wokhudza khungu, amene ntchito yake ndi kugwira mutu ndi kumwa thukuta basi. Pomaliza lamba wa pachibwano. Chopulumutsa moyo kwenikweni ndi EPS. Mutu ukamenya mwala, EPS imaphwanyika mkatimo m'malo mwa chigaza, ndipo ikaphwanyika sibwereranso. Kunja kungaoneke kosalala, utoto uli gwa, koma pamalo pamene panamenyedwapo ntchito inatha. Zili ngati mtsuko wa mng'alu wosaoneka: mumadziwa tsiku limene mwathiramo madzi. Ichi ndicho chifukwa chake helemeti imene yamenya pansi mutu uli mkati iyenera kusinthidwa, ndipo opanga ambiri amalangiza kusintha ikatha zaka pafupifupi 5 ngakhale isanagwepo, poti thukuta, dzuwa ndi nthunzi ya petulo zimaifooketsa.

Pali chinanso chimene akatswiri akhala akuchiganizira kwambiri posachedwapa. Ubongo ndi wofewa, ndipo umayandama m'madzi mkati mwa chigaza. Munthu sagwa molunjika ngati mwala. Mutu umamenya pansi chopendekeka n'kuzungulira mwamphamvu, ubongo n'kutsalira m'mbuyo, timitsempha take n'kukokeka. Ku Sweden, dokotala wa ubongo Hans von Holst ndi katswiri wina Peter Halldin anapanga MIPS, kachigawo kopyapyala koterera koikidwa mkati mwa helemeti, kamene kamalola kuti chigoba chisunthe pang'ono pawokha mutu usanatengeke nacho. Makampani ena ali ndi njira zawo za cholinga chomwecho, ndi mayina awo.

Helemeti ya m'tchire imadziwika ndi chibwano chotalika kutsogolo, chopatsa mpata wopuma munthu akamawefuka, kadenga kotchinga dzuwa ndi miyala yoponyedwa ndi tayala la mnzanu, ndi pamaso potseguka polowetsa magogolosi. Helemeti yotseguka kumaso imasiya nsagwada ndi mano pamtetete, ndipo m'tchire nkhope imakumana ndi handulo kawirikawiri. Chipewa cha pa ntchito yomanga chinapangidwira njerwa yogwa kuchokera kumwamba. Pa njinga chimavuka munthu asanafike pansi.

Zilembo zija zikutanthauza chiyani?

DOT ndi muyezo wa boma la United States. Pansi pa muyezo umenewu kampani imayesa yokha helemeti yake n'kumata chilembo, ndipo boma limatenga zina mwa apo ndi apo kukaziyesa zili kale pamsika. Helemeti yeniyeni ya DOT ndi yabwino ndithu. Vuto n'lakuti kapepala ka zilembo zitatu aliyense angakasindikize.

ECE ndi muyezo wa United Nations umene mayiko a ku Ulaya ndi ena ambiri amatsatira. Apa helemeti imayesedwa ndi labotale yovomerezeka isanaloledwe kugulitsidwa. Chizindikiro chake si chomata kunja. Ndi kansalu kosokedwa pa lamba, kokhala ndi chilembo E ndi nambala mkati mwa kabwalo kozungulira. Nambalayo ikunena dziko limene linavomereza: E1 ndi Germany, E2 ndi France, E3 ndi Italy. Pafupi pake pali nambala yaitali yoyamba ndi 05 kapena 06. Yoyamba ndi 05 inayesedwa ndi muyezo wakale wa 22.05, umene umamenyetsa helemeti pa liwiro la mamita 7.5 pa sekondi. Ya 06 ndi ya muyezo watsopano wa 22.06, umene unawonjezera kumenyetsa pa liwiro lotsika ndi lokwera, malo ambiri omenyapo, ndi kuyesa kuzungulira kwa mutu kuja. Onaninso chilembo chotsatira: P ikutanthauza kuti chibwano chinayesedwa ndipo chimateteza, J ndi helemeti yotseguka kumaso, NP ndi yokhala ndi chibwano chimene sichiteteza. Chilembo chomalizachi anthu ambiri sachidziwa, ndipo chimandidetsa nkhawa, chifukwa helemeti yotero imaoneka yathunthu ngati inzake.

Mungaonenso dzina loti Snell. Limeneli ndi bungwe loima palokha la ku America, lokhazikitsidwa mu 1957 pokumbukira Pete Snell, woyendetsa galimoto za mpikisano amene anafa helemeti yake italephera kumuteteza. Akatswiri amatsutsana kuti muyezo woposa unzake ndi uti: ena amati kuyesa ndi nkhonya yaikulu kwambiri kumapangitsa helemeti kuuma mopitirira pa ngozi zazing'ono, ena amati ngozi yaikuluyo ndiyo yofunika kuikonzekera. Wogula wa ku Lusaka mkangano umenewu usamutayitse nthawi. Chachikulu n'chakuti chizindikiro chikhale chenicheni. Nyamulani helemetiyo m'manja. Yathunthu yabwino imalemera kupitirira kilogalamu imodzi. Kokani siponji muone EPS: ikhale yokhuthala ngati zala ziwiri kapena kuyandikira pamenepo. Mukapeza siponji yekhayekha pansi pa pulasitiki yopindika ndi manja, ibwezeni pashelefu.

Ndiye kukula kwake. Tengani tepi ya telala muyeze mutu mozungulira, chapamwamba pang'ono pa nsidze. Masentimita 57 kapena 58 nthawi zambiri ndi saizi M, koma mitu imasiyana maumbidwe, ndiye kuvala ndiko kumaweruza. Yatsopano iyenera kufinya masaya pang'ono popanda kuboola pachipumi. Mangani lamba mpaka pangolowa chala chimodzi kapena ziwiri. Pukusani mutu: khungu la pachipumi liyende limodzi ndi helemeti. Kenako wina aigwire kumbuyo n'kuikokera kutsogolo mwamphamvu. Ikavuka m'sitolo, idzavukanso m'tchire. Lamba wa mphete ziwiri zachitsulo ndi amene amafunidwa m'mipikisano yambiri, chifukwa alibe kachipangizo kolowa fumbi n'kukanika kutseka.

Maso ndi manja

Kuyambira June mpaka mvula itagwa, misewu yadothi yozungulira Lusaka imakhala fumbi lofiira lokhalokha, ndipo lole ya mchenga ikakudutsani mumayenda mumtambo. Magogolosi a njinga ali ndi siponji m'mbali wosefa fumbi, lamba womanga pa helemeti, ndi galasi la pulasitiki yosasweka lotchinga minga ya mthethe ndi timiyala. Magalasi a dzuwa a pamsika amalowetsa fumbi m'mbali ndipo akasweka amaswekera m'maso. Gulani magogolosi muli ndi helemeti yanu pomwepo kuti muone ngati akulowa bwino. Ngati mumabwerera kunyumba madzulo, galasi loyera ndilo lofunika kuposa lakuda.

Magolovesi a m'tchire amakhala opyapyala kuti muzimva buleki ndi kilatchi. Akhale olimba pachikhatho, poti munthu akamagwa amatsogoza manja asanaganize.

Jombo ndi mawondo

Apa ndi pamene ndinakhalitsa ndi mwana wa mlongo wanga, chifukwa iye ankaona kuti jombo ali nazo kale. Jombo za pa ntchito zili ndi chitsulo kuzala, ndipo zimateteza chinthu chikagwera paphazi. Koma zimathera pa kakolo, ndipo kakoloyo amapindika momasuka mbali zonse, monga ziyenera kukhalira kwa munthu woyenda pansi tsiku lonse. Magambutsi ndiye sateteza chilichonse kupatula matope. Jombo ya njinga ya m'tchire imafika pansi pa bondo, ili ndi chigoba cholimba pa msongolo, chotchinga kutentha mbali yoyang'ana injini, ndi chitsulo kapena pulasitiki yolimba mkati mwa soli kuti phazi lisapindikire pa chopondera mukatera mwamphamvu. Chachikulu koposa, imalola kakolo kuyenda chokweza ndi chotsitsa, posintha giya ndi kuponda buleki, koma imakana kuti apindikire m'mbali.

Kuyesa kwake n'kosavuta. Gwirani jombo ndi manja awiri, kuchidendene ndi kuzala, muipotokole ngati mukufinya chovala chochapa. Ikapotokoka mosavuta, phazi lanu lidzapotokoka nayo. Ifinyeninso m'mbali mwa soli: ikhale yokana, chifukwa pamenepo ndi pamene njinga imagwera. Zoyesedwa ku Ulaya zimakhala ndi chilembo cha CE ndi nambala EN 13634 mkati. Masiku oyamba mudzaona ngati giya yasowa pansi pa phazi. Zimenezo zimatha, ambiri amangokweza chosinthira giya pang'ono.

Pa bondo pali zinthu ziwiri zimene anthu amasokoneza. Chotchinga bondo ndi chigoba chokhala ndi chofewa mkati, chophimba bondo ndi msongolo wa kumtunda. Chimateteza ku mwala ndi ku handulo, ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Chomanga bondo, chimene m'masitolo amati knee brace, chili ndi mahinjesi m'mbali ndipo cholinga chake ndi kuletsa bondo kupindikira kumene silipita, kuti minyewa yolumikiza mafupa isaduke. Mnyewa wotero ukaduka, nthawi zambiri pamafunika opaleshoni ndi miyezi yambiri munthu asanabwerere mwakale. Ochikonda amati chinawapulumutsa ku zimenezo. Ochikayikira amati mphamvu imene bondo lakana ikhoza kusamukira ku fupa la ntchafu, ndiponso n'chodula kwambiri. Woyenda pang'onopang'ono m'minda angayambe ndi chotchinga. Wolumpha ndi kuthamanga, kapena amene bondo linamuvutapo kale, ndi amene ayenera kuiganizira mozama nkhaniyi.

Chifuwa, msana ndi khosi

Pa zotchinga za zigongono, mapewa ndi mawondo mudzaona EN 1621-1. Pa za msana EN 1621-2. Pa za chifuwa EN 1621-3. Pambali pake pamalembedwa Level 1 kapena Level 2. Poyesa, amagwetsa chitsulo cha makilogalamu 5 kuchokera pa msinkhu wa pafupifupi mita imodzi, n'kuyeza mphamvu imene yadutsa kufika kuseri. Mphamvuyo amaiwerenga mu kN, ndipo kN imodzi ili ngati kulemera kwa matumba awiri a feteleza a makilogalamu 50. Pa zigongono ndi mawondo, Level 1 imalola mpaka 35 kN kudutsa, Level 2 mpaka 20. Pa msana malire ndi 18 ndi 9. Nambala yaing'ono ndiyo yabwino, koma Level 2 nthawi zambiri imakhala yokhuthala ndi yotentha.

Samalani ndi chigoba chopyapyala cha pachifuwa chimene chinapangidwira kutchinga timiyala touluka basi. Chimaoneka ngati chida cha nkhondo, koma ngati chilibe manambala aja, nthiti zikamenya handulo sichiyamwa kanthu. Ndipo chotchinga chilichonse chimagwira ntchito ngati chili pamalo pake. Cha pachigongono chimene chimatsetsereka mukapinda mkono chidzakhala pa dzanja nthawi imene mukuchifuna.

Chomanga khosi chinayambira kufupi kuno. Dokotala wa ku South Africa, Chris Leatt, anayamba kuchipanga ataona wokwera mnzake akufa ndi kuvulala kwa khosi pa mpikisano mu 2001. Chimakhala pamapewa ngati goli, ndipo mutu ukapindika mopitirira, m'munsi mwa helemeti mumagunda pamenepo, mphamvu n'kupita kumapewa ndi kuchifuwa m'malo mwa khosi. Okwera agawanika: ena savula, ena amati chimawalepheretsa kuyang'ana kumwamba pokwera phiri. Chinanso chatsopano ndi jekete yodzipopa mpweya ikazindikira kuti munthu akugwa. Pa mpikisano wa Dakar Rally anailamula kwa okwera njinga kuyambira 2021, pambuyo pa imfa za okwera awiri mu 2020, mmodzi wa iwo Paulo Gonçalves wa ku Portugal. Mtengo wake ndi wa anthu a mpikisano.

Dzuwa la October

Chovala chotentha kwambiri chimathera pa kaliyala, chomangidwa ndi mphira. Ndaziona kangapo: munthu wagula jekete yokhuthala ya pamsewu, yopangidwira kuzizira kwa ku Ulaya, ndipo pofika 10 koloko m'mawa waivula. Mu September ndi October kutentha ku Lusaka kumapitirira madigiri 30, ndipo mukatsikira ku chigwa cha Zambezi cha ku Chirundu kumaposa pamenepo kutali. Kuyendetsa mumchenga ndi ntchito yolemetsa ngati kulima. Thupi likauma madzi, maso amachedwa kuona dzenje ndipo manja amachedwa kuyankha. Sankhani zotchinga za maenje olowetsa mphepo, muvale malaya opepuka a manja aatali pamwamba, ndipo mubereke kachikwama ka madzi ka malita awiri kokhala ndi kapaipi kofika pakamwa, kuti muzimwa osaima. Sipanala ndi zitsulo zina zisakhale m'thumba la buluku kapena pamsana popanda chotchinga. Mukagwera pamenepo zimalowa m'thupi.

Ndalama zikachepa

Palibe amene amagula zonse ndi malipiro a mwezi umodzi. Maganizo anga ndi akuti ndalama zitsate kuopsa kwa chilonda: choyamba chimene sichipola, kenako chimene chimakukhazika pansi miyezi. Ndiye helemeti yatsopano ya chizindikiro chenicheni, pamodzi ndi magogolosi ndi magolovesi poti ndi zotchipa, kenako jombo, kenako mawondo ndi zigongono, kenako msana ndi chifuwa. Salaula ingakuthandizeni pa jombo, malaya ndi buluku, chifukwa vuto lake mumaliona ndi maso: zomangira zothyoka, soli yomatuka, pulasitiki yong'aluka. Pa helemeti ayi, chifukwa simungadziwe chimene EPS yake inakumana nacho kwa mwini wake woyamba.

Mnzanu akagwa ndipo akudandaula khosi, kapena wakomoka koma akupuma, musathamangire kumuvula helemeti kapena kumudzutsa; gwirani mutu usagwedezeke, muitane thandizo. Ma helemeti ambiri atsopano ali ndi timalamba tofiira pansi pa masaya, tokokera siponji kunja kuti azachipatala avule popanda kukoka khosi. Wogwa akayamba kusanza, kuiwala zimene zachitika, kapena kuwodzera modabwitsa, apite kuchipatala tsiku lomwelo ngakhale akunena kuti ali bwino. Kuchokera m'minda ya kuseri kwa Chongwe kukafika ku chipatala chachikulu cha UTH ku Lusaka ndi ulendo, choncho uzani wina njira imene mwatenga ndi nthawi yobwerera.

Mwana wa mlongo wanga anabwereranso kusitolo Lolemba lake ndi tepi m'thumba. Mutu wake unali masentimita 58. Anatenga helemeti yachiwiri ija ataona 06 ndi P pa kansalu, ndipo wogulitsa anaikoka kumbuyo kawiri osavuka. Jombo anapeza za salaula patatha milungu iwiri, chomangira chimodzi chosowa, chimene wosoka nsapato wa pafupi ndi kwawo anachikonza ndi lamba wachikopa. Usiku wake anandiimbira foni: "Amalume, giya sindikuimva n'komwe ndi jombozi." Ndinamuuza kuti atenge sipanala, amasule chosinthira giya, achikweze dzino limodzi, ndipo mawa ayambe wazungulira pabwalo la famu kangapo asanalowe m'minda.